Mutu 9: Kakompyuta Kam'thumba Koyesera Chitetezo cha Netiweki m'Mafakitale a ku Lusaka

Dera la mafakitale ndi njira zake zosaoneka

Kumpoto chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Lusaka, motsatira msewu wa Lumumba, kuli dera lotchedwa Heavy Industrial Area, kumene misewu monga Mungwi, Sheki Sheki, Mukwa ndi Buyantanshi imadzaza ndi malole onyamula katundu kuyambira mbandakucha. M'derali muli mafakitale akuluakulu, monga fakitale yofulula mowa ya Zambian Breweries pa msewu wa Mungwi, komanso nyumba zosungiramo katundu, magalaja ndi makampani a mtengatenga, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito m'malo amenewa amachokera m'makomboni oyandikana nalo a Matero, George ndi Kanyama, pamene ena amakwera maminibasi kuchokera ku Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere. Chitetezo chimene munthu wodutsa amachiona ndi cha mipanda ya njerwa, waya wamagetsi pamwamba pake ndi alonda pazipata, koma gawo lalikulu la chuma cha makampaniwa tsopano limayenda m'njira zimene wa pachipata sangathe kuziyang'anira.

Njira zimenezi ndi netiweki, kutanthauza makompyuta ndi zipangizo zina zolumikizidwa pamodzi, kaya ndi zingwe kaya ndi mafunde a WiFi, kuti zizitumizirana mauthenga. Pa netiweki ya kampani imodzi pakhoza kupezeka kompyuta ya akaunti, makamera oyang'anira bwalo, makina olembera nthawi yofikira pantchito powerenga chala, sikelo yoyezera kulemera kwa malole, ndiponso zipangizo zoyendetsa makina a m'fakitale. Boma nalonso lakokera malonda pa intaneti, chifukwa bungwe lotolera misonkho la Zambia Revenue Authority limalandira zikalata za katundu wolowa m'dziko kudzera mu ASYCUDA World, ndipo mu 2024 linayambitsa Smart Invoice, njira yotumizira malisiti a malonda ku bungweli pa intaneti. Kampani imene netiweki yake yaima kapena yalowedwa ndi akuba imalephera kugulitsa, kutulutsa katundu ndi kulipira antchito, ndipo vutolo limakafika mpaka pa mbale ya nsima ya banja la ku George kapena ku Kanyama.

Kukula kwa ngoziyi kunaoneka mu Meyi 2022, pamene gulu la akuba a pa intaneti lotchedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia ndi pulogalamu yotseka mafayilo n'cholinga chofuna dipo, ngakhale kuti bankiyo inakana kulipira ndipo inabwezeretsa ntchito zake. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ngati banki yaikulu ya dziko inafikiridwa, kampani yaing'ono yopanda katswiri wa makompyuta ili ndi chifukwa chokwanira chofufuzira malo ake ofooka akuba asanawapeze. Kufufuza kotereku, kochitidwa ndi munthu wololedwa ndi mwini netiweki, ndiko kumatchedwa kuyesa chitetezo cha netiweki, ndipo mutu uno ukufotokoza mmene chida chogwirira ntchitoyi chingamangidwire pa kakompyuta kotsika mtengo kokwana m'thumba la ovolosi.

Kompyuta ya bolodi limodzi

Kompyuta ya bolodi limodzi ndi kompyuta yathunthu imene zigawo zake zonse zikuluzikulu zinamatidwa pa kabolodi kamodzi ka magetsi, ndipo zigawozo ndi purosesa, yomwe imawerengera ndi kutsatira malangizo a mapulogalamu, memore, yomwe imasunga kwakanthawi zimene zikugwiritsidwa ntchito, ndi timabowo tolumikizirapo zingwe. Yotchuka kwambiri ndi Raspberry Pi, imene inapangidwa ndi Eben Upton ndi anzake a pa yunivesite ya Cambridge ku England, omwe anada nkhawa poona kuti achinyamata ofuna kuphunzira sayansi ya makompyuta akuchepa, ndiponso kuti ofikawo akubwera ndi luso lochepa lolemba mapulogalamu. Mtundu woyamba unayamba kugulitsidwa mu Febuluwale 2012 pa mtengo wa madola 35, ndipo mabolodi ambiri amapangidwa pa fakitale ya Sony ku Pencoed m'dziko la Wales. Bolodilo ndi la mamilimita 85 m'litali ndi mamilimita 56 m'lifupi, kukula kofanana ndi khadi la kubanki.

Kusankha mtundu kumadalira ntchito imene ikufunika. Raspberry Pi 4, yomwe inatuluka mu 2019, ili ndi bowo la chingwe cha Ethernet, mabowo anayi a USB ndi memore yofika magigabaiti 8 pa mtundu wake waukulu, choncho imakwanira pafupifupi ntchito zonse za woyesa. Raspberry Pi 5 ya mu 2023 imathamanga koposa, koma imadya magetsi ambiri ndipo imatentha msanga, pamene Zero 2 W ya mu 2021 ndi yaing'ono ndi yosawononga batire, koma memore yake ndi mamegabaiti 512 okha ndipo ilibe bowo la Ethernet. Laputopu ingagwire ntchito yomweyi, koma ndi yokwera mtengo kuisiya pamalo a eni ake kwa masiku angapo, komanso imasunga zinthu za mwini wake zomwe siziyenera kusakanikirana ndi zinsinsi za kasitomala, pamene kakompyuta kangaikidwe m'kabati ya rauta n'kufufutidwa konse ntchito ikatha.

Kusonkhanitsa zipangizo poganizira magetsi, kutentha ndi fumbi

Zofunika kusonkhanitsa ndi bolodi lenilenilo, khadi la microSD la magigabaiti 32 kapena kuposerapo losungirapo mapulogalamu, bokosi lotetezera bolodi, batire lonyamulika la mtundu wa power bank, chingwe chachifupi cha Ethernet, ndi kachipangizo ka WiFi kolumikiza pa USB. Chilichonse mwa izi chiyenera kusankhidwa molingana ndi mmene zinthu zilili ku Lusaka, ndipo nkhani yoyamba ndi ya magetsi. Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba kotero kuti kampani ya ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri tsiku lililonse, ndipo m'miyezi yovuta kwambiri mabanja ambiri ankawaona kwa maola atatu okha patsiku. Kompyuta ya bolodi limodzi ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba pa khadi, mafayilo amatha kuwonongeka ndipo ntchito ya masiku angapo imapita pachabe, n'chifukwa chake batire limawerengedwa ngati gawo lenileni la chidachi.

Batire lolembedwa 20,000 mAh limasunga mphamvu yokwana ma watt-hour 74, popeza maselo ake amagwira ntchito pa mavoti 3.7, koma gawo lina limatayika pokweza mphamvuyo kuti ifike pa mavoti 5, motero yogwiritsika imatsala pafupifupi 60. Raspberry Pi 4 yolumikizidwa ndi kachipangizo ka WiFi imadya pakati pa mawati 4 ndi 7 kutengera kulemera kwa ntchito, zomwe zikutanthauza kuti batire lotere lingaiyendetse maola pafupifupi 10, tsiku lathunthu la ntchito. Batirelo liyenera kukwanitsa kutulutsa maampeya 3, ndipo chingwe chake chikhale chachifupi ndi chokhuthala, chifukwa chingwe chopyapyala chimatsitsa mavoti ndipo bolodi limayamba kufooka kapena kuzima lokha. Wogula ayeneranso kuona ngati batirelo limapitiriza kupereka mphamvu pa nthawi imene magetsi a pakhoma akuzima kapena kubwera, popeza ambiri amadukiza kwa kamphindi, ndipo kamphindiko n'kokwanira kuzimitsa kompyuta. Vuto lina ndi lakuti Raspberry Pi 4 ilibe wotchi yoyendera batire, ndiye ikayakanso popanda intaneti imasokoneza nthawi. Kawotchi kakang'ono monga DS3231, kolumikiza pa ena mwa mapini 40 a pabolodi, kamathetsa vutoli, ndipo n'kofunika chifukwa lipoti la woyesa limadalira nthawi yolondola ya chilichonse chimene anachita.

Nkhani yachiwiri ndi ya kutentha ndi fumbi. M'mwezi wa Okutobala chipinda cha denga la malata chimatentha kwambiri, ndipo purosesa ya Raspberry Pi ikafika madigiri 80 imayamba kudzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Kafani kamathandiza, koma kamakokera mkati fumbi limene malole amadzutsa nthawi yachilimwe, choncho bokosi la aluminiyamu lopanda fani, lomwe limayamwa kutentha kwa purosesa n'kukutulutsira kunja, limakhalitsa m'malo otere. Chitsulo cha bokosilo chimafoola WiFi ya pabolodi, koma izi sizidetsa nkhawa, chifukwa woyesa amafunikabe kachipangizo kapadera kotha kumvetsera mafunde onse odutsa mumlengalenga m'malo mongomva olunjika kwa iko kokha. Luso limeneli limatchedwa monitor mode, ndipo limapezeka pa tizipangizo tina tokha, monga tokhala ndi tchipi ya Atheros AR9271. Khadi la microSD nalonso liyesedwe lisanagwire ntchito, chifukwa makhadi achinyengo amalembedwa kukula kumene alibe ndipo amataya mafayilo mwakachetechete.

Kuika mapulogalamu ndi kuteteza chida chenichenicho

Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene oyesa ambiri amagwiritsa ntchito ndi Kali Linux, yomwe inatulutsidwa mu Malichi 2013 ndi kampani ya Offensive Security polowa m'malo mwa BackTrack, ndipo inamangidwa pa Debian. Ndi yaulere, imabwera ndi zida zambiri zoyesera, ndipo ili ndi mtundu wokonzedwera purosesa ya ARM imene ili mu Raspberry Pi. Womanga amatsitsa fayilo yake kuchokera kwa eni ake, n'kuyerekeza nambala yake ya SHA-256 ndi imene eni akewo anafalitsa. Nambala imeneyi imawerengeredwa kuchokera ku zonse za m'fayilo, moti kachidutswa kamodzi kakasinthidwa panjira nambalayo imasiyana. Zikagwirizana, fayiloyo imalembedwa pa khadi pogwiritsa ntchito pulogalamu monga Raspberry Pi Imager, khadilo n'kulowetsedwa pansi pa bolodi.

Chida choyesera chitetezo chiyenera kuyamba chatetezedwa chokha, chifukwa chimanyamula mndandanda wa malo ofooka a kasitomala, ndipo chikatayika m'minibasi ya ku Matero mndandandawo umagwera m'manja mwa aliyense wochitola. Kali imabwera ndi dzina lolowera ndi mawu achinsinsi odziwika kwa aliyense, ndipo kusintha zimenezi ndi ntchito yoyamba. Kenako malo osungirapo zotsatira amabisidwa ndi njira ya LUKS, yomwe imasandutsa zolembedwa kukhala zosawerengeka kwa munthu wopanda kiyi. Popeza chidachi chilibe sikirini kapena kiyibodi, chimalamulidwa kuchokera pa foni kapena laputopu kudzera mu SSH, njira yolumikizirana yobisa mauthenga, ndipo ndi bwino kuikonza kuti izilola kiyi wa digito yekha. Chikasiyidwa pamalo a kasitomala, chingalumikizidwe ndi woyesa kudzera pa modemu ya 4G yokhala ndi simu ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndipo popeza malamulo a ku Zambia amafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, woyesa woona mtima alibe chifukwa chogwiritsira ntchito simu ya dzina la munthu wina.

Zimene chidachi chimafufuza

Ntchito imayamba ndi kumvetsera. Pulogalamu ya Wireshark, imene Gerald Combs anaitulutsa mu 1998 pa dzina lakuti Ethereal, imaonetsa timapaketi ta mauthenga todutsa pa chingwe, pamene Kismet imalemba manetiweki onse a WiFi omveka pamalopo. Pambuyo pake pamabwera Nmap, imene Gordon Lyon anaitulutsa mu 1997, yomwe imafunsa chipangizo chilichonse kuti ndi makomo ati amene ali otseguka. Khomo, kapena kuti port, ndi nambala imene pulogalamu imadikirirapo mauthenga, ndipo manambalawa amafika 65,535. Ntchito ya Nmap ikufanana ndi ya mlonda amene amazungulira nyumba yosungiramo katundu madzulo akugwedeza loko aliyense kuti adziwe amene waiwalika. Khomo la 23 ndi la Telnet, yomwe imatumiza mawu achinsinsi osabisa. La 3389 ndi lolamulirapo kompyuta ya Windows munthu ali kutali. Ndipo la 445 ndi logawirana mafayilo, limene pulogalamu ya WannaCry inadzera pofalikira m'mayiko ambiri mu Meyi 2017.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Kampani yosunga katundu ili ndi rauta imodzi mu ofesi ya akaunti, ndipo mawu achinsinsi a WiFi anamatidwa pakhoma kuti madalaivala odikira kutsitsa katundu azigwiritsa ntchito. Woyesa akaima panja pa mpanda, pamene amayi amagulitsa nsima ndi zitumbuwa nthawi ya nkhomaliro, amapeza kuti mafundewo akumvekabe bwinobwino, ndipo akalowa monga mlendo wamba amatha kuona kompyuta ya malipiro, makina osungira zithunzi za makamera ndi sikelo ya malole, zonse pa netiweki imodzi. Makina a makamerawo amalolabe dzina ndi mawu achinsinsi amene anachoka nawo kufakitale. Cholakwika choterechi ndi chimene pulogalamu ya Mirai inadyerapo masuku pamutu mu 2016, pamene inalanda makamera ndi marauta ochuluka kwambiri pongoyesa mawu achinsinsi odziwika, n'kuwagwiritsa ntchito posokoneza kampani ya Dyn ku America mu Okutobala chaka chomwecho.

Pa WiFi woyesa amaonanso njira yobisira mauthenga imene ikugwiritsidwa ntchito. WEP inapezeka yofooka mu 2001 ndipo siyeneranso kupezeka paliponse. WPA2 ya mu 2004 ndi yolimba pokhapokha mawu achinsinsi akhale aatali, chifukwa mawu monga dzina la kampani lophatikiza ndi chaka, kapena nambala ya foni, amapezeka msanga ndi zida monga Aircrack-ng. Ndipo WPA3 ya mu 2018 inakonzedwa kuti kulota mawu kotereku kukhale kovuta. Kusamala kwakukulu kumafunika pa zipangizo zoyendetsa makina a m'fakitale, zomwe zambiri zimalankhulana mu Modbus, njira ya mu 1979 yodzera pa khomo la 502 imene siifunsa kuti wolamulayo ndani. Zipangizo zina zakale zimatha kuima zikangofunsidwa mafunso ambiri nthawi imodzi, ndipo makina oima mwadzidzidzi angawononge katundu kapena kuvulaza munthu, choncho m'gawo limeneli woyesa amangomvetsera, ndipo sakhudza kanthu popanda injiniya wa fakitale pambali pake.

Chilolezo ndi malamulo

Chida cha woyesa ndi cha wakuba n'chimodzimodzi, ndipo umboni wake unapezeka ku Jet Propulsion Laboratory ya bungwe la NASA ku America, kumene mu Epulo 2018 kunadziwika kuti wakuba analowa kudzera pa Raspberry Pi yolumikizidwa pa netiweki popanda chilolezo, n'kutenga mafayilo okwana mamegabaiti pafupifupi 500, monga linanenera lipoti la ofesi yofufuza ya bungweli mu Juni 2019. Nkhaniyi ikuphunzitsa makampani kufunika kodziwa chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa netiweki yawo, ndipo ikukumbutsa woyesa kuti chimene chimamusiyanitsa ndi mbava ndi chilolezo cholembedwa. Kalata ya chilolezo imasainidwa ndi munthu amene alidi ndi udindo pa netiwekiyo, ndipo imatchula zipangizo zoyenera kuyesedwa, zosayenera kukhudzidwa, masiku ndi maola a ntchito, ndiponso munthu woimbiridwa foni zinthu zikasokonekera. M'dera limene makampani amagawana mpanda, WiFi ya oyandikana nawo imamveka pa chidacho, koma chilolezo cha kampani imodzi sichifika kutsidya kwa mpandawo.

Ku Zambia kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act la mu 2021 linalowedwa m'malo mu Epulo 2025 ndi malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo loyambalo linakhazikitsa bungwe la Zambia Cyber Security Agency komanso limafuna kuti ochita malonda a ntchito za chitetezo cha makompyuta akhale ndi laisensi. Mabungwe ena, kuphatikizapo Law Association of Zambia, anadandaula kuti zigawo zina za malamulowa zikupereka mphamvu zochuluka zomvetsera mauthenga a anthu, koma mkangano umenewo suchotsa udindo wa woyesa. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limatetezanso mbiri za anthu, monga malipiro a antchito ndi manambala a makhadi awo a NRC, zomwe woyesa angazione ali pantchito ndipo sayenera kuzikopera kapena kuziulula. Ku Malawi nkhani yolowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ili m'lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016.

Lipoti ndi luso la woyesa

Phindu lonse la ntchitoyi lili mu lipoti, limene liyenera kulembedwa m'mawu omveka kwa bwana wa kampani amene sanaphunzire za makompyuta. Lipoti labwino limasanja mavuto kuyambira loopsa kwambiri, limaonetsa umboni ndi nthawi imene vuto lililonse linapezeka, ndipo limapereka njira yokonzera imene kampaniyo ingakwanitse. Njira zambiri sizifuna ndalama zochuluka, chifukwa ndi monga kusintha mawu achinsinsi ochokera kufakitale, kupatula WiFi ya alendo kuti isaone makompyuta a mu ofesi, kutseka makomo osagwiritsidwa ntchito, kuika mapulogalamu atsopano okonza zolakwika, ndi kusunga makope a mafayilo pamalo osalumikizidwa ku netiweki. Pakapita milungu ingapo woyesa amabweranso kudzatsimikiza kuti zokonzazo zagwiradi, ndipo pomaliza amafufuta zonse za kasitomala pa khadi.

Luso limeneli lingaphunziridwe popanda kuphwanya lamulo, popeza rauta yakale ya pakhomo ndi mapulogalamu opangidwa dala ndi zofooka, monga Metasploitable ndi DVWA, zimakwanira kukhala malo ophunzirira. Lusaka ili ndi maziko pankhaniyi, chifukwa University of Zambia, yoyandikana ndi Kalingalinga, ndiyo inabala kampani ya ZAMNET imene inalumikiza dzikoli ku intaneti mu 1994, ndipo malo a BongoHive akhala akusonkhanitsa achinyamata okonda luso la makompyuta kuyambira mu 2011. Kutsika mtengo kwa kompyuta ya bolodi limodzi kwachotsa chopinga chimodzi chachikulu, moti mnyamata kapena mtsikana wa ku Matero kapena ku Kanyama wodziwa kale kukonza mafoni angathe kumanga chida chimene akatswiri a m'mayiko ena amagwiritsanso ntchito. Zimene sizigulidwa pamodzi ndi bolodi ndi kumvetsa mmene netiweki imagwirira ntchito, kudziwa malamulo, ndi kukhulupirika posunga zinsinsi za eni ake, ndipo makampani a m'dera la mafakitale adzatsegulira makomo awo woyesa amene waonetsa zitatuzi.